Nyumba Imene Tinaisenza Pamutu

Inu ana anga, Tiyamike ndi Dalitso, mumandinena kuti ndikayamba nkhani za kuntchito sindifika kumapeto, ndipo mumandiseka kuti munthu akandiitana ndimatembenuka thupi lonse chifukwa cha khosi langa louma lija. Ndiye ndaganiza zolemba, kuti pasakhale wondidula pakamwa. Za ubwana wanga mukafunse amalume anu, iwo amazikumbukira bwino ngakhale amawonjezera. Ine ndiyambira pamene ndinayamba ntchito.

Zaka za ku Dedza

Ntchito yanga yoyamba inali ya mlangizi wa chitukuko cha m'midzi, kwathu komweko ku Dedza. Ndinali ndi njinga yakapalasa, kope limodzi, ndi bwana amene ankakhulupirira kuti mkazi wa mu ofesi anamulembera kuphika tiyi. Tiyiyo ndinaphika sabata imodzi, tsiku lililonse woiwala shuga, mpaka anasiya okha kundituma. Zaka khumi ndi ziwiri ndinayenda m'midzi ya kwathu, ndipo zimene ndinkaona ndi zomwe ndinakulira. Kwathu ndi kwa chikamwini. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, malo ndi a mbumba, ndipo banja likatha kapena mwamuna akamwalira, nyumba imatsala ndi mkazi ndi ana ake. Palibe anandiphunzitsa zimenezi, ndinkangoona kuti ndi mmene dziko linalengedwera. Musaiwale mfundo imeneyi, muifuna kutsogoloku.

Nditamva kuti kabungwe kena komangira nyumba mabanja osauka kakufuna mtsogoleri ku Chintheche, ndinalemba kalata mosayembekezera kanthu. Ananditenga. Bambo anu anati, "Pita, nsomba uzititumizira," ndipo patatha chaka anandilondola ndi inu nomwe.

Chaka choyamba ku Chintheche

Ofesi yathu inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, pafupi ndi pokwerera maminibasi, moti msonkhano uliwonse unkachitika mopikisana ndi oitanira. Kutentha kunandigwetsa ulesi miyezi iwiri, kondowole anandivuta miyezi itatu, Chitonga chokha ndiye chinandivuta mpaka lero. Anthu ankandilankhula Chichewa chawo mwaulemu, kenako n'kutembenukirana n'kumaseka m'chinenero chawo, ine ndikumwetulira ngati ndamva.

Munthu amene anandigwira dzanja anali kapitawo wa amisiri athu, Ada Longwe. Kumeneko bambo amati ada, mayi amati ama, kwambiri amati ukongwa, ayi amati cha, zikomo amati yewu. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosafulumira kulankhula, ndipo pa ntchito ankabwera atavala jekete ndi tayi. Akafika ankapachika jeketelo pa mtengo wa mango, tayi n'kulowetsa m'malaya, ndiye n'kugwira chipangizo. Makoma ake anali owongoka moti sunkafuna n'kuyeza komwe.

M'chaka chimenecho ndinaika lamulo limene ndinkanyadira nalo kwambiri, lakuti pepala la nyumba iliyonse imene tamanga lizilembedwa dzina la mkazi. Ndinali nditaona amuna akugulitsa malata a nyumba zothandizidwa, ena akulowetsamo mkazi wachiwiri, ndiye ndinati zimenezo pa ine ayi. Tsiku lina tikuchokera kukaona maziko, Ada Longwe anayenda pambali panga mpaka pamsewu.

"Ama, pepala lanu lija ndi labwino ukongwa," anatero. "Koma kuno si ku Dedza cha. Musanakumbe maziko muzifunsa kuti malowo ndi a yani."

"Kalata ya amfumu timakhala nayo, ada," ndinayankha. "Inu mangani makoma, za mapepala mundisiyire ine."

"Yewu, ama," anatero, n'kuvala chipewa chake. Sanabwerezenso. Ndipo zaka zinadutsa popanda vuto lililonse, chifukwa amuna a m'nyumba zimene tinkamangazo anali moyo.

Chaka chachinayi

Bungwe laling'ono limavutika ndi tizinthu timene akuluakulu sadziwa n'komwe. Ukamagula simenti matumba makumi awiri, wa sitolo sakuyang'ana kumaso. Nkhuni zowotchera njerwa zinayamba kusowa, a zankhalango ali pamsana pathu. Ndinamva kuti anzathu a ntchito yomweyi ku Nkhotakota, ku Mzimba ndi ku Rumphi akulira chimodzimodzi, ndiye ndinawalembera makalata, tinakumana ku Mzuzu. Tinakangana masiku awiri, tsiku lachitatu tinagwirizana. Simenti ndi malata tizigula pamodzi, lole ikhale imodzi, ndipo makina oumbira njerwa akhale amodzi, aziyenda boma ndi boma, miyezi itatu itatu.

Njerwa za makina amenewo ndizifotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sizowotcha. Timasakaniza dothi ndi simenti pang'ono, makina amapanikiza, njerwa imatuluka ili ndi mano ndi mipata yake. Pomanga zimangolumana zokha popanda matope pakati. Chimene chimagwira nyumba yonse ndi bimu, lamba wa konkire amene timathira pamwamba pa mawindo kuzungulira makoma onse. Bimu ikauma, nyumba yakhazikika.

Anandisankha kukhala wapampando wa mgwirizanowo, ndipo sindibisa, mpandowo ndinaukonda. Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kubweretsa lamulo langa lija kuti likhale la maboma onse anayi. Mtsogoleri wa anzathu a ku Rumphi, a Gondwe, amene tinawasankha kukhala mlembi, anakweza dzanja.

"Mayi wapampando, kwathu kuja mkazi amakhala pa malo a kwa mwamuna. Mwamunayo akamwalira, kodi azilamu ake pepala limeneli adzaliwerenga?"

Ndinawayankha kuti maganizo oterowo ndi amene apondereza amayi kuyambira kalekale. Anthu anawomba m'manja, a Gondwe anakhala pansi, lamulo linadutsa. Ndinabwerera ku Chintheche ndikudziona ngati ndapambana, chikhalirecho funso lawo sindinaliyankhe.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Novembala

Chaka chimenecho dizilo anasowa. Lole yathu inkagona pa mzere ku Mzuzu masiku atatu, simenti ikubwera modontha. Makina a njerwa anachoka kwathu kumapeto kwa Okutobala kupita ku Rumphi, ndipo sakanabwereranso mpaka chaka chinacho. Nyumba yomaliza imene tinaumbira njerwa inali ya mayi wina wamasiye, NyaManda. Kumeneko mkazi amaitanidwa ndi mfunda wa kwawo, patsogolo n'kuikapo Nya. Mwamuna wake anamwalirira ku Joni zaka ziwiri m'mbuyomo, n'kumusiya ndi ana awiri aakazi a ku pulaimale, m'kanyumba kamene khoma limodzi linali lochirikiza ndi mitengo. Ankagulitsa ufa wa kondowole pamsika. Pa mabanja onse amene ndinagwira nawo ntchito, sindinaone wina wotuta mchenga ndi kutunga madzi ngati mayi ameneyu.

Mgwirizano wathu unasankha nyumba yake kuti ndiyo tikaperekere pa mwambo, kumapeto kwa mwezi, pamaso pa alendo ochokera kunja amene ankatithandiza. Amene anaisankha ndine. Mayi wamasiye, dzina lake papepala, ndinaona kuti palibenso chitsanzo choposa chimenechi. Makoma anafika pamwamba pa mawindo, tinatsala ndi matumba asanu ndi awiri a simenti, ndipo bimu tinati tithira Lachisanu.

Lachitatu m'mawa ndinapeza bambo wina atakhala pampando pansi pa mtengo, moyang'ana nyumbayo, atavala jekete lachikopa dzuwa lonse lija. Ada Longwe anandinong'oneza kuti ndi Ada Mphande, mkulu wake wa malemu mwamuna wa NyaManda, angofika kumene kuchokera ku Joni. Anaimirira, anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Tawonga ukongwa, ama. Mwatimangira nyumba yabwino pa malo a ada athu."

"Nyumbayi ndi ya NyaManda," ndinatero.

"Inde, akhalamo. Ife mlamu wathu sitimuthamangitsa cha, malowolo tinapereka, ndi wathu. Koma mwana wanga akwatira chaka cha mawa, ndipo pa banja lathu lonse wamwamuna ndi iye yekha. A mlamu ana awo ndi aakazi, adzakwatiwa, adzapita. Ndiye mwanayo akabweretsa mkazi, a mlamu adzabwerera m'nyumba yawo yakale ija, tidzawakonzera khomalo."

Analankhula mofatsa, ngati akundiuza za nyengo. Ndinatulutsa pepala m'chikwama n'kuwapatsa. Anavala magalasi, anawerenga mzere uliwonse, n'kundibwezera ndi manja awirinso.

"Dzina ndi lawo, zoona. Koma za malo sindikuziona apa. Muli ndi kalata ya amfumu?"

Ndinali nayo. Ndinaiwerenga pomwepo, mwina kanali koyamba kuiwerenga mpaka pansi. Inkati malowo ndi a banja la a Mphande. Ine ndikaona mawu akuti banja, m'mutu mwanga munkabwera mkazi ndi ana ake, ngati kwathu.

NyaManda ndinakamupeza kumtsinje, akuvuula chinangwa chimene anaviika. Ndinamufunsa ngati ankadziwa kuti zidzatha chonchi.

"Ndinkadziwa, ama," anatero osasiya ntchito yake.

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munthu akukumangira nyumba, iwe umuuze kuti siyani? Ndinati ngakhale chaka chimodzi chokha, ana anga agone osanyowa."

Pa moyo wanga wonse wa ntchito sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Mayi uyu anatuta mchenga miyezi iwiri akudziwa kuti akututira mwana wa mlamu wake, ndipo ine ndinkamuyendetsa m'malipoti ngati umboni wa nzeru zanga.

Lachinayi la sabata yomweyo

M'mawa ndinapita kwa Ada Longwe asanapachike n'komwe jekete. Ndinawauza kuti anandichenjeza zaka zisanu zapitazo ndipo ndinawayankha mwachipongwe. Anangoti, "Zapita zimenezo, ama," n'kundilozera khoma.

"Bimu tikathira mawa, nyumba iyi yakhala ya a Mphande mpaka kalekale. Tikapanda kuthira, njerwa izi zimatsika mmene zinakwerera. Ada ake a NyaManda ali moyo, malo ali nawo, kutsidya kwa msewu uko, pokwera. Koma simenti ili apayi ndi ya chinthu chimodzi, bimu kapena maziko atsopano. Zonse ziwiri sizingatheke. Ndipo mvula ili pafupi."

Apa ndiye panali posankha, ndipo ndikuuzani zoona, njira yophweka inandikopa. Tikanathira bimu, tikanakhoma malata, alendo akanabwera, akanajambula NyaManda atagwira kiyi, akanapita. Chaka chinacho akanabwerera m'kanyumba kake kochirikiza kaja, palibe wa ku Mzuzu kapena wa kunja akanamva. Njira inayo inali yolepheretsa mwambo umene maboma anayi anakonzekera, kuphwasula nyumba yabwinobwino mvula ili m'khosi, n'kukaima pamaso pa anzanga kunena kuti lamulo langa lili ndi bowo. Panalinso choopsa china. Kumeneko ana ndi a kwa bambo, ndiye a Mphande akanatha kunena kuti mayi apite, ana atsale.

Ulendo uno ndinafunsa kaye mwini wake. Ndinamuuza zonse, za mvula ndi za ana zomwe. Iye anati, "Ngati ana apita nane, phwasulani. Ngati ayi, thirani bimu yanuyo."

Masana ake Ada Longwe ndi mkulu wina wa mpingo anakhazika pansi mabanja awiriwo. Tisanalowe anandigwira pamkono. "Ama, inu lero mukhale chete." Maola atatu ndinakhala pamphasa, nkhani ikuyenda m'Chitonga, ine ndikungotola liwu limodzilimodzi. Pa ntchito zonse zimene ndinagwirapo, kukhala chete kumeneko ndiye kunandivuta. Pomaliza Ada Longwe anandimasulira. A Mphande anati njerwa ndi za bungwe, tizitenge, koma maziko ndi simenti ya pansi zitsala chifukwa zalowa m'dothi la ada awo. Ana apite ndi mayi awo, bola asasinthe mfunda, ndipo akadzafuna kukwatiwa nkhani idzakambidwe pakhomo pa a Mphande. Bambo ake a NyaManda ndi alongo ake awiri anavomera kupereka malo, ndipo kalata yatsopano ya amfumu inatchula iyeyo ndi dzina lake.

Chinatsala chinali foni. Ndinaimbira a Gondwe kuti auze anzathu ndi alendo kuti mwambo kulibe, n'kuwafotokozera chifukwa chake osabisa kanthu. Atamva zonse anandifunsa funso limodzi.

"Ndiye funso langa la ku Mzuzu lija mwaliyankha lero, mayi wapampando?"

"Ndaliyankha, bambo."

"Chabwino. Ife kuno tili ndi matumba khumi amene sitiwagwira mpaka Januwale. Lole ikapeza dizilo ndikutumizirani."

Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa chimene tinapangira mgwirizano. Ine ndinkayesa kuti ndi wogulira simenti motchipa.

Novembala mpaka Januwale

Ada Longwe anatenga penti yotsala n'kulemba pa njerwa iliyonse chilembo cha khoma lake ndi nambala ya mzere wake, kuti za m'makona ndi za m'mawindo zisasokonekere. Lachisanu limene tinati tithira bimu, tinayamba kutsitsa. Lole inali pa mzere wa dizilo, ndiye panalibe kuchitira mwina. Amayi a kutchalitchi kwa NyaManda anabwera ndi nkhata zawo, mabanja amene tinawamangira kale anabwera ndi mawilibala, ndipo nyumba inayamba ulendo. Mtunda wake unali wa mphindi makumi awiri, kudutsa msewu wa tala n'kukwera chitunda. Makondakitala a minibasi ankakuwa kuti, "Nyumba ikupita kuti, ama? Ikwere!" Amayi aja ankawayankha m'Chitonga zinthu zimene Ada Longwe anakana kundimasulira.

Ine sindikanatha kuima chapatali ndi kope m'manja. Ndinavula nsapato za mu ofesi, ndinabwereka nkhata, n'kulowa pamzere. Anzangawo ankasenza ziwiriziwiri. Ine mutu wanga unali utaiwala katundu zaka makumi awiri, koma chifukwa cha matama ndinati nanenso ziwiri. Tsiku lachitatu, potsika m'ngalande ya msewu, ndinaterereka n'kugwa nazo, chinachake chinalira m'khosi. Ndinapitiriza ndi imodziimodzi mpaka tsiku lachisanu ndi chimodzi, pamene tinamaliza. Tsiku lomaliza ndinaona a Mphande akubwera m'mbuyo mwathu atanyamula felemu ya chitseko paphewa. Anakaiika pansi pa malo atsopano n'kubwerera.

Mvula yoyamba inatipeza makoma ali pakati, tinafunditsa ndi mapepala apulasitiki ndi masamba a nthochi. Simenti ya a Gondwe inafika sabata yachiwiri ya Disembala. Ndowa yoyamba ya konkire ya bimu anathira NyaManda mwini wake, atakwera pamakwerero, Ada Longwe atamugwirira. Khirisimasi anadyera m'nyumba mwake, mawindo asanaikidwe magalasi.

Pa msonkhano wa Januwale anzathu a ku Nkhotakota sanandisiye. Anali atabwereka kale basi ya alendo, ndipo anati wapampando sangalepheretse mwambo wa maboma anayi ndi foni imodzi. Anali ndi mfundo. Tinavota, mpando unapita kwa a Gondwe. Zinandipweteka, ndipo mu minibasi pobwerera ndinalira pang'ono, ndikunamizira fumbi. Koma ndisanatsike pampandopo ndinapempha kuti lamulo lisinthidwe, ndipo linasinthidwa. Kuyambira pamenepo, m'maboma onse anayi, khasu silikhudza pansi mpaka mabanja onse awiri, la kwa mwamuna ndi la kwa mkazi, atakhala pansi n'kunena poyera kuti mwamuna akadzamwalira nyumbayo akhalamo ndani. Ku nyumba zimene tinamanga kale ndinabwererako imodziimodzi, ine ndi Ada Longwe, kukakhazika anthu pansi. Zinatitengera zaka ziwiri, ndipo m'nyumba zitatu anatibweza pakhomo.

Chaka chopuma ntchito

Ndisanachoke ku Chintheche ndinayenda kutsanzika. Ada Longwe anali atatisiya chaka cham'mbuyo mwake, ndipo ku manda kwawo ndi kumene ndinayambira. Ndinadutsa kwa a Mphande. Simenti ya pansi ija ikadalipo, mpongozi wawo amayanikapo chinangwa, ndipo mwana wawo anamanga nyumba yake pambali. Anandipatsa mpando, tinacheza za mitengo ya malata.

NyaManda ndinamupeza ali ndi mdzukulu kumsana. Mwana wake wamkulu anakwatiwa ku Kande, nkhani inakambidwa kwa a Mphande monga anapanganirana, wamng'ono anali ku sekondale. Kunja nyumba anaikongoletsa ndi laimu, koma m'kati makoma anali chikhalire, zilembo ndi manambala a Ada Longwe zikuoneka mzere uliwonse kuyambira pansi mpaka pa bimu. Ndinamufunsa chifukwa chake sanapakemo.

"Limenelo ndi dzanja la Ada Longwe, ama, ndingalifute bwanji? Ndiponso alendo akafunsa ndimawauza kuti nyumba iyi inabwera wapansi." Anaseka, kenako anandiyang'anitsitsa mmene ndinkatembenukira kuti ndione khoma la kumbuyo. "Kodi khosi lija silinapole?"

"Silinapole," ndinatero.

Anandigwira dzanja n'kundipititsa pakona ya kuchipinda, pamzere wachinayi, pamene panali njerwa ziwiri zobenthuka m'mphepete. "Izi ndi zanu. Ndi zimene munagwa nazo m'ngalande muja. Ada Longwe ankafuna kuzitaya, ine ndinakana."

Inu ndinkakuuzani kuti khosili linauma chifukwa chowerama pa desiki. Ndinkanama. Ndinalitenga pa msewu wa ku Chintheche, ndikusenza nyumba imene ndinamanga pa malo olakwika chifukwa sindinafunse.